Kukhala chete pamaso pa mlangizi si kuvomera

Pa WhatsApp komanso pamabenchi a kusikelo pakumveka zoti mayi woyembekezera akangoponda pachipatala ndiye kuti wavomera zonse: uphungu, kuyezedwa magazi, ngakhalenso kuti mwamuna wake auzidwe zotsatira. Ati ndi lamulo la boma. Lamulo loterolo kulibe.

Mu Novembala 2017, povomereza lamulo la HIV ndi Edzi, Nyumba ya Malamulo idachotsamo ndime zokakamiza amayi apakati kuyezedwa. Khoti lidali litanena kale mbali yake. Mu 2009 apolisi ku Mwanza adagwira amayi 11, n'kuwatengera kuchipatala kukawayeza popanda kuwafunsa, ndipo zotsatira zidawerengedwa m'bwalo la milandu anthu akumva. Mu 2015 woweruza Dorothy Kamanga wa Bwalo Lalikulu ku Blantyre adagamula kuti kumeneko kudali kuwaphwanyira ufulu.

Koma mphekeserayi siidangogwa kumwamba. Chiyambireni ndondomeko yoteteza makanda ku HIV ya Option B+ mu 2011, mayi aliyense wobwera kusikelo amapemphedwa kuyezetsa, ndipo makanda ambiri apulumuka nayo. Ife tikanakonda aliyense atayezetsa. Vuto lili pa kapemphedwe kake. Namwino ndi mmodzi, mzere wafika panja, uphungu ukuperekedwa kwa gulu lonse nthawi imodzi. Mayi akaweramitsa mutu, amalembedwa kuti walola. Chonsecho kwathu kuno munthu amakhala chete pamaso pa wovala yunifomu chifukwa cha ulemu, mwinanso mantha akuti akafunsa zambiri, tsiku lochira adzamunyalanyaza.

Chilolezo chenicheni chimabwera munthu atauzidwa, m'chilankhulo chimene amamva, zimene zichitike, ubwino ndi kuopsa kwake, amene adzaone zolembedwazo, komanso kuti akakana chinthu chimodzi chithandizo chinacho sichimuthawa. Chidindo cha chala papepala losawerengedwa sichikwanira. Zimenezi n'chimodzimodzi kwa wofuna uphungu wa nkhawa ku St John of God ku Mzuzu kapena kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba: asanayambe kuulula zakukhosi, mlangizi amuuziretu pamene chinsinsi chingathere, monga ngati akufuna kudzipha kapena mwana akuzunzidwa. Amuuzenso kuti angathe kulekeza panjira.

Ena akuti kufotokoza zonsezi kungachedwetse ntchito. Kungachedwetsedi. Koma mayi amene wapatsidwa ma ARV asanamvetse chifukwa chake ndi yemwe amakabisa botolo kudenga n'kusabweranso, ndipo kumulondola kumudzi kumatha nthawi yambiri kuposa mphindi zimene akanafotokozeredwa.