Kusowa wofanana naye si chifukwa chokwezera wodwala basi ya kumudzi

Banja la munthu wodwala khansa ya m'magazi kuno ku Johannesburg likangomva kuti palibe wofanana naye woti amupatse maselo, limayamba kusonkherana ya basi kuti m'bale wawoyo akatsirizikire kumudzi. Ine ndikukana. Kale mawu amenewa ankathetsadi nkhani, koma lero sayenera kutero.

Wodwala asanaikidwe maselo opanga magazi ochokera kwa munthu wina, madokotala amayamba awononga mafuta ake a m'mafupa ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi mwake. Amatero ndi mankhwala monga busulfan ndi fludarabine, nthawi zina ndi radiation thupi lonse. Zili ngati kusosa ndi kutentha munda mvula isanagwe: moto ukachepa thengo limaphukanso, ukanyanya nthaka imapsa. Chimene chimapsa msanga ndi matumbo. Khungu lake lam'kati likachita zilonda, poizoni wa tizilombo ta m'matumbo amalowa m'magazi, ndipo asilikali a m'thupi obwera ndi maselo achilendo aja amadzuka ali olusa. Amaona wodwalayo ngati mdani, n'kuyamba kulimbana ndi khungu, chiwindi ndi matumbo ake. Achipatala amati GVHD. Munthu amatuluka zidzolo, maso amachita chikasu, m'mimba mumatseguka mosalekeza. Ena khansa imawathera koma n'kutsala zaka ali ndi maso ouma ndi khungu lolimba. Ena amapita nayo.

Kuchepetsa mphamvu ya mankhwala oyambirirawo kumathandiza achikulire ndi ofooka, komanso kuli ndi mtengo wake. Kafukufuku wa ku America wa 2017 anapeza kuti khansa imabwereranso kwambiri mwa amene analandira mankhwala ofewerapo. Choncho dokotala amayenda pakati pa ngozi ziwiri, ndipo wopereka maselo akakhala wosiyana kwambiri ndi wodwala, GVHD imaopsa koposa. Apa m'pamene ife anthu akuda tinkagwera. Mwayi woti mchimwene kapena mchemwali wa mayi mmodzi ndi bambo mmodzi afanane nawe ndendende ndi umodzi mwa inayi. Kaundula wa opereka sankatithandizanso: mu 2014 magazini ya New England Journal of Medicine inasonyeza kuti ku America azungu 75 mwa 100 ankapeza wofanana nawo, pomwe akuda sankafika 20.

Madokotala a ku Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ndiwo anatsegula njira ina. Anapeza kuti kupereka cyclophosphamide pa tsiku lachitatu ndi lachinayi maselo ataikidwa kumapha asilikali olusa aja, maselo opanga magazi n'kutsala amoyo. Motero munthu wofanana nawe mwatheka akhoza kukupatsa. Ndipo mayi wokubereka, bambo wokubereka, mwana wobereka wekha, onsewa amafanana nawe mwatheka. Kwa ife a mabanja akuluakulu, nkhani imeneyi inayenera kumveka m'tchalitchi ndi m'mizikiti momwe.

Nanga njira imeneyi ikupindulira ndani? Ku Parktown kuli Wits Donald Gordon Medical Centre, kumene ntchito yoika maselo imachitika, koma n'chipatala cholipira. Mayi wogwira ntchito zam'nyumba ku Sandton, kapena bambo wosamalira maluwa ku Randburg, alibe medical aid. Amadalira zipatala za boma monga Charlotte Maxeke, chimene mbali yake ina inapsa mu April 2021. Mu March 2025 khoti lalikulu linagamula kuti nthambi ya zaumoyo ya Gauteng inaphwanya lamulo posiya odwala khansa akudikira radiation, pomwe ndalama zokwana R784 miliyoni zinali zitapatulidwa mu 2023 kuti zichepetse mizere ya odwala. Cyclophosphamide ndi mankhwala akale, osakwera mtengo. Chodula ndi zipinda zopatula wodwala, magazi okwanira ndi anamwino ophunzitsidwa bwino, ndipo zimenezi ndi udindo wa boma. Amene analephera kugwiritsa ntchito ndalama zomwe anali nazo m'manja asatiuze kuti vuto ndi magazi athu.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 ena tinawoloka nazo Limpopo, moti m'bale amazemba kukayezetsa. Ena amakhulupirira kuti adzawaboola msana. Kawirikawiri wopereka amangobayidwa jakisoni masiku ochepa, kenako makina amasefa maselo m'magazi a pamkono kwa maola angapo, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Kulembetsa ku South African Bone Marrow Registry, imene inayamba mu 1991, kapena ku DKMS Africa, kumayamba ndi kupukuta m'tsaya ndi kathonje basi.

Dokotala akadzati palibe wofanana naye, musaimbe foni kumudzi tsiku lomwelo. Funsani ngati ana, makolo ndi abale a bere limodzi ayezedwa kuti aone wofanana naye mwatheka. Funsani mankhwala oyambirira amene akuganiza kupereka, ndi mmene adzatetezere wodwala ku GVHD. Akati pano sitichita zimenezo, pemphani kalata yokutumizani kumene amachita.