Nsomba Zimene Sizikwera Mathithi a Kapichira

Mwezi uno tilunjike maso pa Kapichira. Paja m'chaka cha 1859 sitima ya Dr. David Livingstone inalephera kupitirira mathithi ameneŵa. Koma si sitima yokha imene imabwerera pamenepo. Nsomba nazonso zimalephera kukwera. Kuchokera ku Kholombidzo kudzera ku Nkula, Tedzani ndi Mpatamanga mpaka ku Kapichira, mathithi agaŵa nsomba za m'Shire paŵiri. Dowe, amene amabisala m'matope madzi akaphwa, ndiponso mcheni wa mano akuthwa wa ku Chikwawa ndi Nsanje, sapezeka m'Nyanja ya Malaŵi. Mcheni wa kunyanja ndi nsomba ina, dzina lokha ndilo lofanana.

Chodabwitsa nchakuti kale sizinali choncho. M'chaka cha 2013 akatswiri anafalitsa zimene anapeza m'nthaka ya Chiwondo ku Karonga: mano ndi mafupa a nsomba osanduka mwala, a zaka zoposa 2 miliyoni monga mwa kuŵerengera kwawo. Pakati pake panali a dowe ndi a mcheni uja wa kumunsi kuno. Tsono nsomba zimene lero zimalekezera pa Kapichira zinakhalapo kumpoto kwenikweni, kenaka zinatha. Pamene trout wa m'mitsinje yozizira ya ku Zomba, Mulanje ndi Nyika ndi mlendo chabe. Anabwera naye ndi azungu.

Mwana akamva zotere kusukulu, nadzatifunsa ngati zikugwirizana ndi buku la Genesis, tisamkalipire. Mwana wotsekedwa pakamwa kwawo amakafunsa kwina, ndipo ena atalikira Mpingo pa chifukwa chomwechi. Tikhale naye pansi, timuuze kuti Malembo amatidziŵitsa Mwini wa zolengedwa, pamene miyala imatiwonetsa mbiri ya ntchito za manja ake. Wofukula fupa sachotsa Mlengi pampando.

Mafupawo akutichenjezanso kuti mtundu wa nsomba ungathe kuzimirira pamalo osabweranso. Kalelo munthu sanalakwepo, koma lero ndife amene timakokolola timwana ta nsomba m'Dambo la Njovu ndi masikito amene tinalandira kuti atiteteze ku malungo. Mulungu anatiika kukhala adindo, osati owononga. Kodi adzukulu athu adzamdziŵa dowe m'mbale, kapena adzangomva dzina lake? Tiyeni tikambirane zimenezi pa mapemphero a m'banja sabata ino.