Cifukwa Ninji Liu Litsalira M'mbuyo?

Tiyeni tiime m'mphepete mwa dambo, tipenye munthu alikudula mtengo kutsidya. Nkhwangwa igwa, koma kugunda kwace kutifika m'khutu mwini wace ataikwezanso. Cifukwa cace ndi ici: kuwala kuyenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, koma liu liyenda mamita 340 okha.

Tsono ciyambire ukhanda wathu, makutu anazolowera kutsata maso m'mbuyo. Ici cioneka bwino pamene tilikupenya zithunzi za kanema. Mau akacedwa pang'ono, milomo ya wolankhula itayamba kale, sitizindikira msanga ai. Koma mau akatsogola, mtima ukana pomwepo, pakuti sitinamvepo mtondo ulikulira munsi usanagwe. Bungwe la ITU la ku Geneva linalemba m'caka ca 1998 kuti, tikagawa sekondi m'magawo 1,000, anthu ayamba kuzindikira mau otsogola ndi magawo 45 okha, koma mau ocedwa sawazindikira kufikira magawo 125.

Kucedwa kumeneku kwa liu kutithandiza m'nyengo ya dzinja. Tikaona mphezi ilikung'anima, tiwerenge masekondi kufikira timve bingu: masekondi 3 ali onse ndiwo kilomita imodzi. Akacepera 30, ngozi ili pafupi ndithu. Pamenepo tiitane ana athu olishya mbuzi acoke kudambo ndi pansi pa mitengo, alowe m'nyumba, nakhale momwemo kufikira litapita theka la ola cilekere bingu lotsiriza.