Tsiku limene ndinavula kolala n'kukhala atsibweni oipa

Kuwerenga: 2 Samueli 14:1-24

Ndakhala ndikuima pa gome kwa zaka zoposa 30, ndipo zaka zambiri mwa zimenezi ndakhala ndikuphunzitsa achinyamata a ubusa kalankhulidwe ka pagulu. Komabe sindinanjenjemepo monga ndinanjenjemera masana ena a Loweruka m'mwezi wa Ogasiti 2024, nditabisala kuseri kwa zitenje zimene achinyamata anamangirira pa chingwe m'holo ya mpingo wina kufupi ndi Mtakataka, kwa Kachindamoto. Ndinali nditavala jekete long'ambika pa chigongono, chipewa chobwereka ndi nkhwayira, ndipo mawu onse amene ndinaloweza kwa sabata ziwiri anali atathawa m'mutu.

Ndinapita kumeneko kukayendera ophunzira athu amene anali pa ntchito yoyeserera ubusa. Ndinapeza achinyamata a pa mpingopo akukonza sewero lopezera ndalama zothandizira atsikana amene anachotsedwa m'mabanja n'kubwerera kusukulu. Mtsogoleri wawo, mphunzitsi wachitsikana wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, anandifikira mwaulemu nati: "Abusa, tikusowa munthu wa imvi zenizeni. Ufa umene timathira kumutu umayoyoka sewero lisanafike pakati." Ndinaseka, ndipo kusekako iye anakutenga ngati kuvomera. Anandipatsa mbali ya atsibweni, mwini mbumba amene akulandira ndalama kwa mkulu wina wogulitsa usipa kuti mdzukulu wake wa Sitandade 7 asiye sukulu akakwatiwe.

Nkhaniyi siyachilendo m'dera limeneli. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anasiya ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba n'kudzalowa ufumu mu 2003, anadziwika dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana, ndipo sankazengereza kuimitsa mafumu aang'ono amene ankavomereza maukwati otere. Dziko nalo linatsatira: lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti makolo asakhalenso ndi mphamvu yololeza mwana wa zaka 15 kukwatiwa. Inkosi anatisiya mu Ogasiti 2025. Koma kuthetsa ukwati ndi gawo loyamba chabe. Mwana wobwererayo amafuna yunifolomu, makope, nsapato ndi sopo, ndipo kawirikawiri amabwera ndi khanda kumsana.

Mbiri yoti abusa asewera nawo itamveka, mkulu wina wa mpingo, bambo wodekha amene ndimamulemekeza, anabwera kumene ndinkagona. Atamwa tiyi anati: "Abusa, ndifunseko. Loweruka mudzanena mawu amene simukuwakhulupirira, ndipo mudzawanena mwaluso mpaka anthu adzakhutire. Lamulungu mudzaima pa gome. Kodi anthuwo adzadziwa bwanji kuti tsopano ndiye mukunena zoona?"

Funso limeneli musalipepuse. Bamboyu sanawerengepo mbiri ya mpingo, koma analankhula zimene akuluakulu a chikhulupiriro analankhula kalekale. Cha m'ma 200, Tertullian wa ku Carthage analemba buku lathunthu loletsa Akhristu kupita ku zisudzo ndi masewero a m'bwalo. Augustine, atatembenuka mtima, ankakumbukira mwachisoni mmene zisudzo za mumzinda womwewo zinkamuliritsira misozi pa mavuto opeka. Mu 1642 nyumba ya malamulo ya ku England inatseka nyumba za zisudzo mu London, ndipo amene anakondwera kwambiri anali a Puritan, abale athu enieni m'chiphunzitso cha okonzanso mpingo. Kuwonjezera apo, mawu a Chigiriki amene ali pa Mateyu 6 ndi 23, amene Baibulo lathu limamasulira kuti onyenga, ndiwo hupokritai, ndipo poyambirira ankatanthauza anthu osewera pa nsanja atavala chophimba kumaso. Choncho mkulu uja sanali kulota ayi.

Komabe ndinasewera, ndipo lero ndikufuna kunena chifukwa chake ndikukhulupirira kuti sindinalakwe.

Taonani nkhani imene tawerenga. Yowabu anaona kuti mtima wa mfumu Davide ukulakalaka Abisalomu, mwana wake amene anathawa atapha mbale wake Aminoni. Anatumiza anthu ku Tekowa kukatenga mayi wanzeru, namuuza kuti avale zovala za maliro, asadzole mafuta, ndipo adzionetse ngati wakhala akulira masiku ambiri. Anamupatsa ngakhale mawu oti akanene. Mayiyo anagwada pamaso pa mfumu nafotokoza za ana ake awiri amene anamenyana kumunda, mmodzi n'kufa, ndipo abale akufuna kupha wotsalayo. Davide atalumbira kuti mwanayo sakhudzidwa, mayiyo anatembenuza nkhani n'kuilozetsa kwa mfumu yomwe. Kunena mosabisa, limeneli linali sewero, lokhala ndi wolemba, wosewera, zovala ndi woonerera mmodzi. Pa 1 Mafumu 20 mneneri wina anamanga nsalu kumaso n'kudikira mfumu Ahabu m'mbali mwa njira ngati msilikali wovulala. Pa Ezekieli 12 Mulungu mwini analamula mneneri kuti amange katundu masanasana, aboole khoma, atuluke madzulo ngati wopita ku ukapolo, anthu onse akuona.

Chimene chimasiyanitsa anthu amenewa ndi onyenga a pa Mateyu 23 n'chakuti chophimba chawo chinachotsedwa. Davide atafunsa ngati dzanja la Yowabu linalimo, mayi wa ku Tekowa anavomera pomwepo. Mneneri uja anachotsa nsalu ija kuti Ahabu amuzindikire. Wosewera amakuuzani poyera kuti nkhope imene wavala si yake, ndipo pomaliza amaivula inu mukuona. Wonyenga amalumbira kuti nkhopeyo ndi yake, ndipo amaivula akatseka chitseko cha kunyumba kwake. Ndikuopa kuti onyenga ambiri amene ndakumana nawo sanakwerepo pa nsanja ya zisudzo. Ena a iwo anali pa gome.

Koma zimenezi ndi za m'mabuku, ndipo ndikanatha kuzilemba ndili mu ofesi. Chimene chinandigwira chinachitika poyeserera. Tsiku loyamba ndinasewera atsibweni aja ngati chilombo: kukalipa, kutong'ola maso, kumenya ndodo pansi. Ndinkafuna kuti aliyense aone kuti abusa sakugwirizana ndi munthu ameneyu. Mphunzitsi uja anaimitsa sewero nati: "Pepani abusa, mukulalikira. Atsibweni sakalipa. Amalankhula mofatsa, amatchula mwanayo ndi dzina lake laubwana, ndipo amakhulupirira kuti akupulumutsa banja." Kenaka anandifotokozera za munthuyo monga ngati ndi mnansi wake. Munda wake unakokoloka ndi madzi a mtsinje wa Livulezi, nkhokwe inatha Khirisimasi isanafike, mlongo wake ndi wamasiye, ndipo pakhomo pali ana asanu ndi awiri. Munthu wa usipayo walonjeza matumba a chimanga ndi malata.

Nditayamba kulankhula mofatsa monga anandiuzira, ndinachita mantha, chifukwa mawuwo anatuluka mosavuta. Ndinawazindikira. M'zaka za m'ma 1990, ndili mbusa wachinyamata pa mpingo wina wakumudzi, ndinakhala pa bwalo la akulu a mpingo pamene tinkaweruza mtsikana wa zaka 16 amene anapezeka ndi pakati. Tinamuika pa chilango, ndipo abale ake atanena kuti njira yochotsera manyazi ndi yoti akalowe m'nyumba ya mwamunayo, amene anali wamkulu kwa iye ndi zaka zambiri, ine ndinavomera ndi mawu ofatsa omwewo. Ndinati ukwati ndi wolemekezeka. Lamulo la dziko linkalola pa nthawiyo, ndipo palibe anandidzudzula. Za sukulu yake palibe anafunsa, ngakhale ine. Ndalalikira za Davide ndi Natani kambirimbiri, koma sindinamukumbukirepo mwana uja mpaka tsiku limene ndinavala jekete long'ambika lija.

Loweruka litafika, holo inadzaza. Ena anachokera ku Golomoti pa njinga za kabaza, ena kunyanja. Nditangotulukira, anthu anafa ndi phwete kuona abusa a ku koleji ali m'nkhwayira. Mzere wanga woyamba ndinauiwala, ndipo mnyamata amene ankasewera ngati wogulitsa usipa anandipulumutsa pondifunsa funso limene munalibe m'sewero. Phwete linapitirira mpaka pamene atsibweni anatenga yunifolomu ya mdzukulu wawo, n'kuipinda bwinobwino, n'kuipereka kwa mng'ono wake. Pamenepo holo yonse inati zii. Mayi wina wachikulire anaimirira kumbuyo nafuula: "Inu bambo inu, manyazi mulibe?" Sankalankhula kwa abusa. Ankalankhula kwa munthu wina amene amamudziwa, ndipo mwina anali asanapezepo mpata womuuza.

Amalawi tinazolowera kuyankha osewera, ndipo akatswiri athu anazidziwa kalekale. M'zaka za m'ma 1980 gulu la zisudzo la ku Chancellor College, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, linkapita m'midzi kukasewera nkhani za umoyo, anthu a m'mudzimo n'kumalowerera kuti akonze mathero. Malemu Du Chisiza ndi gulu lake la Wakhumbata, a Kwathu Drama Group, Izeki ndi Jakobo, onsewa ananena pa nsanja zimene ambiri ankaopa kunena pa msonkhano. Ndipo kwa Kachindamoto kuno, aliyense amene analowapo m'nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare ku Mua, pa malo a KuNgoni amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, amadziwa kuti anthu a kuno anaphunzira kalekale kumva chidzudzulo chochokera kuseri kwa nkhope yosema. Za gule ndi mpingo ndi nkhani ya tsiku lina. Ndikungonena kuti kuno khutu la sewero lilipo kale, ndipo mpingo umene umasiyira zisudzo ana a Sande sukulu pa Khirisimasi pokha ukutaya khasu lakuthwa.

Sindikunena kuti sewero lililonse la pa mpingo n'labwino. Ndaonapo ambiri amene phindu lake ndi kuseka wosauka, woledzera, wachibwibwi kapena wosamva. Ku Mua kuli sukulu ya ana osamva, ndipo makolo awo amakhala m'mabenchi athu omwewa. Phwete lotere ndi mwano ngakhale litabweretsa ndalama. Ndipo ngozi yaikulu inatsala pang'ono kutigwera ife tomwe. Pokonzekera, wina anapereka maganizo oti sewero likatha tiitane atsikana othandizidwawo aime kutsogolo kuti anthu awaone, chifundo chiwagwire, apereke zambiri. Ndikuvomera kuti ine ndinangokhala chete, poganiza kuti mwina n'zothandiza. Amene anakana ndi amayi a chigwirizano. Mmodzi anati: "Abusa akamaliza avula jekete n'kubwerera ku koleji. Ana amenewa adzavula chiyani?" Pa Mateyu 6 Ambuye anachenjeza opereka zachifundo amene amafuna kuonedwa, ndipo ndikuganiza kuti chenjezolo likukhudzanso ife amene timaonetsa olandira. Atsikanawo anakhala pakati pa anzawo monga oonerera ena onse, ndipo maina awo akudziwa ndi komiti ya anthu atatu basi.

Tiwerengenso nkhani ya ku Tekowa mpaka kumapeto. Sewero linatheka, Abisalomu anabwerera ku Yerusalemu. Koma Davide analamula kuti asaone nkhope yake, ndipo zaka ziwiri zinatha bambo ndi mwana ali mumzinda umodzi osalankhulana. Zimene zinatsatira mukuzidziwa: kuukira, nkhondo ndi maliro. Mayi uja anatsegula chitseko, koma kulowa inali ntchito ya Davide, ndipo anaichita mwa theka. Ifenso ndalama zimene tinapeza tsiku lija zinakwanira zosowa za atsikana anayi kwa teremu imodzi. Teremu yachiwiri inafika opanda zitenje, opanda phwete, opanda abusa a m'nkhwayira, ndipo inafunika anthu oti apereke mwakachetechete mwezi ndi mwezi. Misozi ya Loweruka siigula makope a Januwale. Ili ndilo linali dandaulo la Augustine, ndipo pamenepa ndikugwirizana naye kwathunthu.

Lamulungu m'mawa ndinavala kolala yanga n'kukwera pa gome. Ana ena anayamba kusekerera atandiona, koma amayi awo anawatsina. Ndisanawerenge Mawu ndinauza mpingo za mtsikana uja wa zaka 16, popanda kutchula dzina kapena malo, ndipo ndinawauza kuti atsibweni amene anawaona dzulo sindinachite kuwapeka.

Mkulu wa mpingo uja sanasinthe maganizo ake. Potsanzikana anandiuza kuti akuonabe kuti mbusa sayenera kusewera, ndipo chaka china akadzafunsidwa adzakananso. Koma pa tsiku la sewerolo iye ndiye anakhala pakhomo ndi mbale, nawerenga ndalama pamaso pa mboni ziwiri, nalemba zonse m'buku limene anagula ndi ndalama zake. M'kalata imene anandilembera mu Epulo 2025 anati atatu mwa atsikana aja akupitabe kusukulu. Wachinayi anabwerera kwa mwamuna uja nthawi ya njala, ndipo iye ndi amayi awiri a chigwirizano anali atapitako kale kawiri.