Makina Ngathu, Nanga Kiyi Ali ndi Yani?

Anthu a ku Nselema ndi midzi yozungulira sanaiwale chiyambi cha chaka cha 2024, pamene ntchito yodinda ziphaso zoyendera inaima m'dziko lonse lino. Ku Machinga chiphaso si chinthu chamasewera, pakuti anyamata ambiri a kumeneko amakafuna ntchito ku Joni, ndipo makolo awo amadya thukuta lomwelo.

Mu February chaka chomwecho, Pulezidenti wa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa makompyuta analowa m'makina a ziphaso nafuna dipo. Ena anatsutsa, nati vuto linali pa chilolezo cha mapulogalamu oyendetsa makinawo. Sitiweruza mlanduwo pano, koma mawu akuti chilolezo ayenera kumveka kwa aliyense wogwira ntchito ya Boma.

Pulogalamu ya kompyuta sigulidwa monga igulidwira njinga. Makina tingagule, akhale athu. Koma pulogalamu imakhalabe ya mwini wake, ndipo iye amangotilola kuigwiritsa ntchito. Amatipatsa kiyi, ndiye mndandanda wa zilembo ndi manambala, amene nthawi zambiri ali ndi tsiku lake lothera ndiponso malire a anthu ololedwa. Tsikulo likapyola osalipira, makina a ndalama zambirimbiri angathe kungokhala duu, ngati chigayo chopanda lamba.

Taonani mbiri ya ziphasozi. Mu 2019 Boma linapangana ndi kampani ya Techno Brain pa mtengo wa madola 60.8 miliyoni. Mu December 2021 Loya Wamkulu wa Boma, a Thabo Chakaka Nyirenda, anathetsa panganolo. Tsono kuthetsa pangano n'kwapafupi, kalata imodzi ikwanira. Chovuta ndicho kulandira makiyi onse, mabuku ake, ndi kuphunzitsa ana a dziko lino kuyendetsa makinawo mwiniwake atachoka. Zimenezi zilembedwe m'pangano pa tsiku losaina, osati pa tsiku la mkangano.

Mphunzitsi wamkulu aliyense adziwa chiwerengero cha madesiki a pa sukulu yake, pakuti chili m'kaundula. Kodi ndi maofesi angati amene ali ndi kaundula wotere wa zilolezo? Tipempha kuti Unduna uliwonse ukhale naye, wosonyeza mwini pulogalamu, tsiku lothera, ndi dzina la ofisala wosunga kiyi. Ndipo kalaliki woika pulogalamu yokopera mwakuba m'kompyuta ya Boma adziwe kuti eni ake akadzabwera kudzawerengera, wolipira chindapusa adzakhala wokhoma msonkho wa ku Nselema yemweyo.