Injini ya ku Chinzombo ifuna mpweya woyera, osati mmero waukulu

Pali fashoni yomwe yatipeza kuno ku Mambwe kudzera pa mafoni. Anyamata akuonera mavidiyo pa YouTube ndi TikTok, a anthu akumaiko akutali omwe amakuza bowo la throttle body kuti motoka izithamanga kwambiri. Akaonera, amapita kwa makanika ndi Corolla kapena Vitz n'kunena kuti: "Amdala, ndikuzireni bowo, muchotsenso bokosi la air cleaner, tiike cone." Ife tikuti, m'chigwa cha Luangwa muno, ndalama imeneyo ndi yogulira mavuto.

Tiyambe ndi chinthucho. Throttle body ndi mmero wa injini ya petulo. Mkati mwake muli kachitseko kozungulira komwe kamatseguka mukaponda moto, mpweya n'kulowa. Sensa imayeza mpweyawo, ndipo kompyuta ya injini imathira petulo wolingana nawo: pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Nzeru ya anyamata ndi yakuti bowo likakula, mpweya udzachuluka, mphamvu nayo idzachuluka. Pakamwa zimamveka bwino.

Koma injini imakoka mpweya molingana ndi kukula kwa masilinda ake ndi liwiro lomwe ikuzungulira. Injini ya malita 1.5 siingameze ngati ya malita 3 chifukwa chakuti mwaikuzira mmero. Bowo lalikulu limathandiza pokhapokha injini itasinthidwa kale zambiri mkati, ndipo limathandiza pamene mwaponda mpaka pansi, injini ikulira pamwamba penipeni. Ndi kangati pa tsiku pamene woyendetsa takisi amachita zimenezo pakati pa Cropping ndi bwalo la ndege la Mfuwe?

Ena adzatitsutsa kuti: "Koma ine ndinamva kusintha, motoka inayamba kudumpha." N'zoona, imadumpha. Bowo likakula, kuponda pang'ono kumalowetsa mpweya womwe kale unkafuna kuponda kwambiri. Mphamvu ndi yomweyo, yangobwera msanga kuphazi. Ndipo ngati wokuzayo sanalinganize bwino kachitseko ndi bowo latsopano, mpweya umadutsa m'mbali, idling imakwera ndi kutsika, nyali ya check engine n'kuyaka.

Choopsa kwambiri ndi cone ija. Akulu amati walira mvula walira matope. Kuno tinganene kuti walira mpweya walira fumbi. Msewu wa ku Chipata uli ndi tara, inde, koma mukangopatuka kulowera ku Nsefu kapena ku Malama, nyengo yachilimwe fumbi limakhala ngati ufa. Fumbi limeneli lili ndi mchenga wosalala, ndipo likalowa mu injini limapala ma ring ndi makoma a masilinda pang'onopang'ono. Ma cone otchipa amapitiriza fumbi lomwe pepala la air cleaner likanagwira. Ena amapakidwa oilo, ndipo oiloyo amadetsa sensa. Pakapita miyezi motoka imayamba kumwa oilo ndi kutulutsa utsi wabuluu. Kenako ndi ovaholo: masipeya kukafuna ku Chipata kapena ku Lusaka, motoka ili pamiyala, ndalama ya sukulu ya ana yaima.

Palinso kutentha. Mu Okutobala kuno kumafika madigiri 40. Mpweya wotentha ndi wopepuka: wa madigiri 40 umachepa kulemera ndi pafupifupi 6 peresenti poyerekeza ndi wa madigiri 20. Bokosi lomwe motoka inabwera nalo limakoka mpweya wakunja. Cone yoikidwa pafupi ndi injini imapuma mpweya wamkati mwa boneti, wotentha koposa wapanja. Mwalipira kuti muonjezere mphamvu, mwaichepetsa. Chomwe chaonjezeka ndi phokoso chabe.

Taonani ma Land Cruiser onyamula alendo mu South Luangwa. Ambiri ndi a dizilo, ndipo mphamvu ya injini zotere imayendera mafuta, osati kachitseko ka mpweya. Koma onani snorkel yomwe ambiri ali nayo: imatenga mpweya pamwamba, kutali ndi fumbi la mawilo ndi madzi a m'mitsinje. Anthu omwe amadyera motoka m'tchire amasamala za ukhondo wa mpweya.

Sitikuletsa achinyamata kukonda injini. Chidwi chimenecho ndiye chimabala amakanika abwino. Koma chiyambire pa zothandiza. Throttle body ya motoka yakale imagwira mwaye wakuda m'mbali mwa kachitseko, ndipo kuitsuka ndi mankhwala ake nthawi zambiri kumakonza idling. Ngati ndi yamagetsi, musakankhe kachitseko mwamphamvu ndi chala, ndipo mukatsuka kompyuta ingafunike kuphunziranso idling. Sinthani air cleaner msanga kuposa momwe a m'tauni amachitira. Onani paipi yochoka ku bokosi ngati yang'ambika, chifukwa fumbi limaloweranso pamenepo. Onaninso mapulagi.

Komanso tidzifunse: liwiro limeneli tikufuna kupita nalo kuti? Msewu wathu tigawana ndi njinga, ana a sukulu, ndi njovu zomwe zimaoloka usiku pafupi ndi mlatho wa Luangwa. Motoka yabwino kuno ndi yomwe imalira m'mawa uliwonse, n'kufika ku Chipata ndi kubwerako. Makanika akakuuzani kuti bowo lisiyeni momwe lilili, wakusungirani ndalama.