KOMPYUTA YA MWANA WA SUKULU: MAKOLO A M'MISISI AYAMBE AGANIZA ASANAGULE

Masiku ano mwana akapambana mayeso a Giredi 12 ndi kupeza malo pa University of Zambia, pa Evelyn Hone College kapena pa sukulu ina ya maphunziro apamwamba, cinthu coyamba cimene amapempha kwa makolo ace ndi kompyuta. Pempho limeneli liri ndi cifukwa cace, pakuti aphunzitsi amafuna nchito yotaipidwa, ndipo mabuku ambiri amapezeka pa intaneti. Koma m'makomboni monga Misisi, Chawama ndi Kanyama, nkhaniyi yasowetsa tulo makolo ambiri. Mwana akuti afuna laputopu yatsopano ya mtengo wapatali pamodzi ndi monita yaikuru yoika pa tebulo, monga ali nazo anzace a ku Kabulonga, pamene atate ndi amai akuwerengera za lendi ndi thumba la ufa.

Dziko la Zambia linaona kale kufunika kwa makina amenewa. Boma linaika phunziro la kompyuta m'masukulu a sekondale mu 2014, ndipo pa mayeso oyamba a Giredi 9 mu 2015, ana ena analemba kufikira usiku kaamba ka kucepa kwa makompyuta. Kotero kholo limene likana kuti mwana wace akhudze kompyuta likumtsekera khomo la nchito. Funso loyenera ndi lakuti: kompyuta yotani, ndipo ya ndarama zingati?

Coyamba ndi kuyang'ana thumba. Laputopu yapamwamba imagulidwa madola 1,000 kapena kupitirira, monita isanawerengedwe. Kwa miyezi yambiri ya 2024 dola imodzi inali kugulidwa pa K25 ndi kupitirira, ndiye kuti makina otere anali kufika pa K25,000. M'caka comweco malipiro otsika amene lamulo linaikira wogwira nchito ya m'nyumba anali K1,300 pa mwezi. Mai wa m'Misisi wocapa ndi kuphika m'nyumba za m'mayadi akanagwira nchito miyezi 19 osadya, osalipira lendi, kuti akwanitse mtengo umenewu. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection linaonetsanso kuti mu 2024 zofunika za pa mwezi za banja la anthu asanu m'Lusaka zinapitirira K10,000. Banja limene lithamangira kwa a kaloba kuti likondweretse mwana limadzamva kuwawa pamene ciwongola dzanja ciyamba kubala mwezi ndi mwezi, ndipo ena atayapo katundu wa m'nyumba amene anapereka cikole.

Caciwiri ndi nchito imene kompyutayo idzagwira. Wophunzira uphunzitsi, unamwino, malamulo kapena kusunga mabuku a ndarama amataipa makalata, amawerenga mabuku, amakonza ziwerengero ndi kutsata maphunziro pa intaneti. Nchito zimenezi zimayenda bwino pa laputopu yogwirapo kale nchito m'maofesi, monga za mtundu wa Lenovo ThinkPad, Dell Latitude kapena HP EliteBook, zimene zimapezeka m'masitolo a m'tauni pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi zatsopano. Makina amenewa anapangidwa kuti apirire kunyamulidwa tsiku ndi tsiku, ndipo amisiri ambiri a m'Lusaka amadziwa kuwakonza. Anthu a m'makomboni amadziwa kuti jekete yabwino ya salaula imatha zaka kuposa yatsopano yonyezimira. Paja akale anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Pali ena amene amanena kuti ngati nkhani ndi kusunga ndarama, kuli bwino kugula kompyuta ya pa tebulo, popeza ndiyo yotsika mtengo ndiponso yosavuta kusintha ziwalo zace. Mau amenewa ndi oona, koma amaiwala za magetsi. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa Dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo m'caka cimeneco Zesco inafika pa kuzima magetsi maola 17 pa tsiku. Kompyuta ya pa tebulo imazima nthawi yomweyo magetsi akapita, ndi monita yomwe, ndipo nchito yosasungidwa imatayika. Laputopu iri ndi batire yace, imadya magetsi ocepa, kawirikawiri caja yace ndi ya mawati 45 kapena 65, ndipo mwana angathe kukaicaja ku sukulu ndi kudzawerenga kunyumba usiku.

Malo okhala nawonso ayenera kuganiziridwa. Mabanja ambiri m'Misisi amakhala m'nyumba za lendi za cipinda cimodzi kapena ziwiri, momwe tebulo limodzi ndilo lodyerapo, losita zobvala ndi lolemberapo. Dzinja likafika madzi amadzaza maenje akale okumbamo miyala ndi kulowa m'nyumba. Laputopu imaikidwa m'cikwama ndi kupacikidwa pamwamba kapena kupita nayo kwa acibale, koma monita yaikuru ndi bokosi lace zimatsala m'cinyezi ndi m'fumbi. Amene afuna kuona zolemba zazikuru angathe kulumikiza laputopu ku wailesi ya kanema ndi nthambo ya HDMI, imene mtengo wace ndi wocepa, ndipo monita ingadzagulidwe mwana atayamba kulandira malipiro ace.

Nanga foni? Foni yamakono imathandiza kuwerenga ndi kulandira mauthenga a aphunzitsi, ndipo kwa mwana wa sekondale ingakwanire kwa kanthawi. Koma kutaipa masamba 30 a kafukufuku ndi zala ziwiri pa foni ndi kulima munda ndi mpeni.

Sikuti kompyuta ya mtengo wapatali ndi yosafunika kwa ali yense ai. Wophunzira za zomangamanga amene ajambula mapulani ndi AutoCAD, kapena mnyamata amene apeza ndarama pokonza mavidiyo a maukwati ndi makicini pate, amafunika makina amphamvu, ndipo monita yaikuru imateteza maso ace. Kwa otere kompyuta ndi khasu, ndipo khasu lofooka limacedwetsa mlimi. Ngakhale ziri conco, ayambe aonetsa pa pepala kuti makinawo adzabweza ndarama zace m'miyezi ingati, ndipo ndaramazo zicokere m'cilimba kapena m'gulu losunga ndi kubwereketsana, osati kwa a kaloba.

Komanso kutsika mtengo pakokha si nzeru. Pa 14 Okotobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inali kucitira kale, ndipo pa makina a Intel, Windows 11 imafuna a m'badwo wa 8 kapena wapambuyo pace. Laputopu yakale kuposa pamenepo ingagwirebe nchito poikamo Linux, monga Ubuntu, imene ndi yaulere, koma wogula ayenera kudziwa zimenezi asanatulutse ndarama. Afunse m'badwo wa makinawo, aone kuti RAM iri 8GB kapena kuposa ndipo muli SSD, acotse caja ndi kuona mmene batire ikutsikira, ayese mabatani onse ndi kuyang'ana ngati galasi liri ndi mizere. Ndi bwino kupita ndi munthu wodziwa za makina, pakuti safunsa anadya phula.

Wogula atenge risiti yolembedwa nambala ya makinawo ndi masiku a citsimikizo. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa amalonda kupacika zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo wolakwiridwa angathe kukadandaula ku bungwe la CCPC. Laputopu yogulitsidwa m'mbali mwa mseu popanda caja ndi risiti ingakhale yakuba, ndipo kulandira katundu wakuba ndi mlandu.

Pomariza, mutu umodzi susenza denga. Mu bajeti ya 2022 Boma linakweza thumba la CDF kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la Phungu. Anthu a m'Misisi, kudzera m'komiti yao ya citukuko ya wadi, angathe kupempha kuti pakhale cipinda ca makompyuta cokhala ndi magetsi a dzuwa pa sukulu kapena pa malo ena a onse, kuti mwana wa mai wamasiye nayenso aphunzire. Pamene zimenezi zikuyembekezeka, makolo akhale pansi ndi ana ao, alembe nchito imene kompyutayo idzagwira ndi ndarama zimene banja liri nazo, ndipo agule makina ogwirizana ndi ziwirizo. Anyamata ndi atsikana nawo akumbukire kuti aphunzitsi amaconga zimene zalembedwa, osayang'ana dzina la kompyuta imene inazitaipa.